Achemwali, Cambridge Bay ndi Iqaluit si Lilongwe ndi Blantyre

Imelo yanu inafika Lachiwiri usiku ndikutsuka mbale, ndipo ndinaiwerenga manja ali ndi thovu. Ndinaiwerenganso m'mawa mwake ndili m'basi. Lero ndi Loweruka. Ndakhala nayo masiku onsewa chifukwa yanditokosa pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale.

Achemwali amene andilemberawa, dzina lawo ndilisunga, ndi namwino. Apatsidwa ntchito ya zaka ziwiri ku Cambridge Bay, pamene bambo akunyumba kwawo apeza yawo ku Iqaluit. Malo awiriwa ali ku Nunavut, chigawo chakumpoto kwenikweni kwa Canada. Funso lawo ndi ili: "Poti konseku ndi ku Nunavut, pandege pali mtunda wautali bwanji? Tingamaonane kumapeto kwa sabata, ngakhale kawiri pamwezi?"

Mawu amene andigwira ndi akuti "poti konseku ndi ku Nunavut". Ndinawanenapo ine mawu amenewa, ndi pakamwa panga pomwepa. Nditalandira kalata yoti ndikaphunzitse masamu ku Pond Inlet, mnzanga wina wa ku Chipata amene tinkapemphera limodzi kuno ku Ottawa anali atangopita kumene ku Rankin Inlet. Tinasangalala pafoni ngati ana. Tinkati tizichezerana, Khirisimasi kwa iye, Isitala kwa ine, wina akapeza ufa azigawira mnzake. Zaka ziwiri zinatha osaonana ngakhale tsiku limodzi. Tinadzakumana kuno ku Ottawa, aliyense atabwera patchuthi, chifukwa kubwera kuno kunali kosavuta kusiyana ndi kupita kwa mnzako amene muli naye m'chigawo chimodzi.

Ife a ku Malawi tikamva mawu akuti chigawo, m'mutu mumabwera Chigawo Chapakati, mwina Chakumpoto, malo oti ukalawirira mmamawa pa depoti, madzulo ukadya nsima kumene ukupitako. Dziko lathu lonse ndi makilomita 118,484 m'bwalo lake, ndipo kuchoka ku Chitipa kukafika ku Nsanje molunjika sipakwana makilomita 900. Nunavut ndi makilomita oposa 2 miliyoni. Mutenge Malawi, mumuyale kokwana 17, mwina mpamene mungadzaze. Anthu okhalamo ndi pafupifupi 40,000 basi, oti bwalo la Bingu likhoza kuwalandira onse tsiku limodzi, ndipo amwazikana m'midzi 25. Palibe msewu wochoka mudzi wina kupita mudzi wina. Palibenso msewu kapena njanji yochoka kumeneko kupita kummwera kwa Canada. Mukakhala ku Iqaluit mukhoza kuyendetsa galimoto mpaka ku Apex, makilomita asanu okha, kenako msewu umathera pamenepo, kutsogolo kuli miyala ndi nyanja.

Tsiku limene ndinapita koyamba ndinakwera jeti kuchoka ku Ottawa, maola atatu, makilomita pafupifupi 2,100, n'kutsikira ku Iqaluit. Mumtima ndinati ndafika, kwatsalaku n'kongodumpha. Kongodumphako kunali makilomita ena oposa 1,000, pa ndege ya mapulopela ya mtundu wa ATR, imene kutsogolo kwake anadzazamo makatoni a mkaka, matewera ndi makalata, ife anthu n'kutikhazika kumbuyo. Ndinakhala pawindo. Maola onsewo sindinaone mtengo ndi umodzi womwe, munda, utsi wa pakhomo, ngakhale kanjira ka mbuzi. Mapiri akuda, madzi oundana otsetsereka m'zigwa, kenako nyanja. Titayandikira, ndegeyo inatera pa msewu wa dothi ndi timiyala, fumbi koboo, timiyala tikumenya pansi pa ndege ngati matalala pa malata. Bwalo la ndege linali kanyumba kochepa kuposa holo ya tchalitchi chakwathu. Theka la mudzi linali pomwepo, amayi atabereka ana m'ma amauti, majasi awo aja okhala ndi thumba kumsana, ndipo ndinamwetulira ndekha poona kuti nawonso mwana amamuika kumbuyo monga kwathu. Tsidya la nyanja kunali mapiri a chilumba cha Bylot, oyera mbee. Eni ake mudziwu amautcha Mittimatalik, ndipo uli ndi anthu pafupifupi 1,500.

Ndinaukonda mudzi umenewu. Ndikunena zimenezi msanga kuti zimene zikubwerazi zisamveke ngati ndikunyoza kwa eni. Ana ake anandiphunzitsa kudya nsomba yaiwisi youndana, yodula tizidutswa pa katoni pansi, ndipo amayi ena anandisokera magolovesi a chikopa cha katumbu wa m'nyanja amene ndikadali nawo mpaka lero.

Chaka changa chachiwiri, mu Januwale, dzuwa linali lisanatuluke. Kumeneko limalowa pakati pa Novembala n'kudzaonekanso kumapeto kwa Januwale, masana kumangoyera pang'ono ngati mbandakucha kenako kwada. Lolemba usiku, cha m'ma 11, foni inalira. Kwathu inali 6 koloko mmawa. Anali achimwene anga aakulu, ndipo atangoti "Mlongo, mwadzuka?" ndinadziwiratu, chifukwa sankayamba choncho. Amayi anali atatisiya usiku womwewo kuchipatala cha boma. Sanadwale nthawi yaitali. Lamlungu lake tinali titalankhulana, akundiuza kuti mvula yawachedwetsa kubandira.

Ndinakhala pansi ndi pepala n'kuwerengera ulendo monga ndimawerengera masamu pa bolodi. Lachiwiri mmawa Pond Inlet kupita Iqaluit, masana Iqaluit kupita Ottawa. Lachitatu Ottawa kupita Toronto, Toronto kupita Addis Ababa. Lachinayi Addis Ababa kupita Lilongwe, madzulo ndili kwathu ku Dedza. Ndege zisanu. Ndinaimbira amalume n'kuwachonderera. Iwo anati, "Mwana wanga, anthu asonkhana kale, nkhuni zikutha, ndiwo zikutha. Koma ndiwe mwana wamkazi yekha. Thupi likhala ku mochale, tikudikira mpaka Loweruka." Ndinawathokoza ndikulira. Ndinkaona kuti ndili ndi masiku awiri apadera.

Lachiwiri ndinakokera sutikesi pa sinowo mpaka ku bwalo la ndege. Kunja kunali zii, nyenyezi zikuoneka, mphepo kulibe. Mayi wa pa kauntala, amene mwana wake ndinkamuphunzitsa, anangopukusa mutu. Chimphepo cha sinowo, chimene kumeneko amati blizzard, chinali ku Iqaluit, makilomita 1,000 kutali ndi ine, ndipo ndege yoti idzanditenge sinathe n'komwe kudzuka. Ichi n'chimene mapu sakuuzani: nyengo imene ingakutsekereni si ya pamene mwaima pokha ayi. Ndi ya kumene ndege yagona, ya kumene ikaime panjira, ndi ya bwalo lina limene woyendetsa angathawireko zikavuta. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi ndege inabwera, koma anthu a masiku atatu tinali titaunjikana, ena odwala opita kukaonana ndi madokotala, ndipo mipando inali yowerengeka chifukwa mudzi unkadikiranso chakudya ndi mankhwala. Ndinaiona ikunyamuka ndili pawindo la kanyumba kaja. Lachisanu ndinakwera. Tinaima ku Clyde River, tinachedwa, ndipo pofika ku Iqaluit jeti ya ku Ottawa inali itapita.

Amayi anawaika Loweruka cha m'ma 2 koloko masana. Ku Iqaluit inali 7 mmawa, kunja kuli mdima, ine ndili m'khitchini ya mphunzitsi mnzanga amene ndinali nditangomudziwa dzulo lake. Mlamu wanga anandiimbira pa WhatsApp n'kukweza foni m'mwamba. Intaneti ya kumeneko inkadzera pa setilaiti, zithunzi sizinkatheka, mawu okha, nawonso odukaduka. Ndinamva amayi a Chigwirizano akuimba, mawu n'kuduka, n'kubweranso ali pa vesi lina. Kenako ndinamva makasu a adzukulu akukwirira. Phokoso limenelo ndilo linafika bwinobwino, losaduka. Ndinafika kumudzi Lachiwiri, nkhata zitafota kale ndi mvula, dothi la pamanda litayamba kutitimira.

Palibe amene ndingamuloze chala pa sabata imeneyo. Woyendetsa ndege amene anakana kuuluka anachita bwino. Amalume anachita zoposa zimene mwambo umafuna. Koma kwa zaka ndithu ndinkadzuka usiku n'kumawerengeranso ulendo uja, kufunafuna pamene ndinalakwitsa.

Pali chinthu china chimene chinachitika Lachitatu lija, ndikadali ku Pond Inlet. Agogo ena oyandikana nawo nyumba, amene Chingerezi sankalankhula kwenikweni, anagogoda, n'kulowa ndi mdzukulu wawo wamkazi, atanyamula nsomba yaikulu youma ndi chisanu. Anakhala pansi osanena kanthu nthawi yaitali, monga amachitira amayi akwathu pasiwa. Kenako anati "ajurnarmat", mawu amene ndinali nditawamva kambiri ndege ikalephereka, otanthauza kuti palibe chimene munthu angachitepo. Ndinkayesa akunena za nyengo. Mdzukulu uja anandimasulira zotsatira zake. Mayi awo a agogowo anatengedwa iwo ali kamtsikana, pa sitima yapamadzi ya boma yotchedwa C.D. Howe, imene m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 inkazungulira midzi ya kumpoto kuyeza anthu chifuwa chachikulu. Ukapezeka nacho sunkaloledwa kutsikanso. Ankakutengera ku zipatala za kummwera, zina ku Hamilton, makilomita zikwizikwi, ndipo ambiri anamwalirira komweko abale awo osauzidwa ngakhale pamene pali manda. Mayi awo sanabwerere. Mu Malichi 2019 nduna yaikulu ya Canada pa nthawiyo, Justin Trudeau, anapita ku Iqaluit kukapepesa za nkhanza imeneyi, koma agogowo anakula, kukwatiwa, kubereka, kukhala ndi zidzukulu, asanaonepo mtumbira wa mayi awo. Ine ndinali kulira kuti ndichedwa masiku atatu. Iwo anabwera kudzakhala nane, poti maliro n'kulirana.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona mtunda wa kumeneko ngati nkhani ya chilengedwe chabe. Inde, chilengedwe chilipo. Midzi yambiri ili pa zilumba. Nthaka ndi youndana chaka chonse, ikangosungunuka pamwamba msewu umatitimira, n'chifukwa chake ngakhale nyumba amazimanga pa mizati yachitsulo. Sitima zonyamula katundu zimafika nyanja ikasungunuka, kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala, ndipo amene akufuna galimoto, firiji kapena matumba a mpunga a chaka chonse amaitanitsa nthawi imeneyo. Zonsezi n'zoona. Koma a Inuit, eni ake a dera limeneli, sanali anthu otsekeredwa. Ankayenda ndi agalu pamwamba pa nyanja youndana, kutsata nyama, kuchezera abale, ndipo mpaka pano nyengo ikalola anthu amadutsa pa skidoo, njinga yamoto yoyenda pa sinowo, pakati pa Igloolik ndi Sanirajak, kapena pakati pa Iqaluit ndi Kimmirut. Midzi yokhazikikayi yambiri inakula m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, boma litayamba kusonkhanitsa anthu pamene panali sukulu, sitolo, mishoni ndi apolisi. Mabwalo a ndege akuluakulu anabwera ndi nkhondo. La ku Iqaluit anamanga ndi asilikali a ku America mu 1942. Ku Cambridge Bay kumene mukupitako kunamangidwa siteshoni ya radar m'zaka za m'ma 1950, yoyang'anira ndege za Soviet Union. Amene ankajambula mizere imeneyi ankayang'ana kuchokera kummwera, ndipo mizere yake mpaka lero imatsika kummwera.

Taonani mmene zilili. Nunavut ili ndi zigawo zitatu. Anthu a ku Baffin khomo lawo ndi Iqaluit, kenako Ottawa. A ku Kivalliq khomo lawo ndi Rankin Inlet, kenako Winnipeg. A ku Kitikmeot, kumene kuli Cambridge Bay, khomo lawo ndi Yellowknife, kenako Edmonton. Zili ngati zingwe zitatu zolendewera, chilichonse pa msomali wakewake, ndipo zolumikiza chingwe china ndi chinzake n'zochepa kwambiri. Munthu wa ku Cambridge Bay kuti akafike ku Iqaluit, likulu la Nunavut, ayenera kutuluka kaye m'Nunavutmo, kukalowa chigawo choyandikana nacho cha Northwest Territories. Ife a ku Africa izi sitiyenera kudabwa nazo. Makolo athu anaona njanji zikumangidwa kuchoka ku migodi ndi ku minda kupita ku doko, osati kuchoka kwa anthu kupita kwa anthu anzawo, ndipo kwa zaka zambiri munthu wochoka likulu lina la Africa kupita likulu loyandikana nalo ankadzera ku Paris kapena ku London. Kumpoto kwa dziko lapansi n'chimodzimodzi. Iqaluit ndi Nuuk, likulu la Greenland, atalikirana makilomita 800 ndi pang'ono, anthu ake ndi amodzi, chilankhulo n'chapachibale. Koma kwa zaka zambiri panalibe ndege yolunjika, munthu ankatsikira kummwera kwa Canada, kuwoloka kupita ku Iceland kapena ku Denmark, n'kubwereranso. Mu 2024 mpamene Air Greenland inayambanso ulendo wolunjika, wa m'chilimwe chokha.

Ndipo nkhani ya Grise Fiord ndimalephera kuikamba mtima uli m'malo. Ndiwo mudzi wa anthu wamba wakumpoto kwenikweni m'Canada monse, anthu ake sakwana 150. Mu 1953 ndi 1955 boma linatenga mabanja ku Inukjuak, kumpoto kwa Quebec, n'kukawatula kumeneko ndi ku Resolute, makilomita pafupifupi 2,000 kutali ndi kwawo, kumalo kumene dzuwa limasowa miyezi itatu ndi kupitirira. Anawalonjeza kuti akafuna adzabwerera pakatha zaka ziwiri. Lonjezolo silinasungidwe. Mabanja ena a ku Pond Inlet, mudzi wanga uja, anatengedwanso kuti akawaphunzitse anzawowo kukhala mumdima. Boma linapepesa mu 2010. Eni ake mudzi wa Grise Fiord amautcha Aujuittuq, malo osasungunuka. Lero kuti uchokeko ukwera kandege kakang'ono ka Twin Otter, chifukwa msewu wake woterapo ndi wa mamita 500 okha, kupita ku Resolute, makilomita pafupifupi 380. Ukatero uyambepo wina wa makilomita oposa 1,500 kupita ku Iqaluit. Anthu amenewa sanasankhe kukhala kutali chonchi. Anaikidwako. Ndiye wina akamati "n'chifukwa chiyani sangosamuka ngati matikiti akudula", magazi anga amawira.

Ndinene maganizo anga mosapsatira. Ndege ku Nunavut ndiyo msewu, ndipo msewu ndi udindo wa boma. Munthu wa ku Ontario akamayendetsa galimoto kupita kumaliro a azakhali ake salipira yekha phula limene akupondalo, analipira ndi misonkho ya dziko lonse. Munthu wa ku Pond Inlet msewu wake amaugula yekha ulendo uliwonse, pa mtengo wa malonda. Ine tikiti yochoka ku Pond Inlet kupita ku Ottawa n'kubwerera inkandidya ndalama zambiri kuposa yochoka ku Toronto kupita ku Lilongwe n'kubwerera. Ine ndinali pa malipiro a mphunzitsi, ndi alawansi ya kumpoto pamwamba. Nanga mlenje? Nanga mayi wa ana anayi amene mchemwali wake akudwala mudzi wina? Mu 2019 makampani awiri aakulu, First Air ndi Canadian North, anaphatikizana kukhala imodzi, ndipo midzi yambiri ilibe kosankha. Sindikuti kuyendetsa ndege kumeneko n'kotchipa. Mafuta amabwera pa sitima kamodzi pachaka, okwera ndi ochepa, chisanu chimawononga zitsulo. N'chifukwa chake katundu ameneyu sayenera kusenzedwa ndi wokwera yekha. M'midzi yonse 25, mabwalo a ndege a phula ndi awiri okha, Iqaluit ndi Rankin Inlet. Dziko lolemera ngati Canada! Jeti zakale za Boeing 737-200 za Canadian North, zimene zinali ndi zotchingira timiyala, zitapumitsidwa mu 2023, Cambridge Bay inatsala ndi ndege za mapulopela, chifukwa jeti zatsopano sizitera pa timiyala.

Inu monga namwino mudzaziona izi tsiku ndi tsiku. Chipatala chachikulu m'Nunavut monse n'chimodzi, Qikiqtani General Hospital ku Iqaluit. Midzi yambiri ili ndi chipatala chaching'ono choyendetsedwa ndi anamwino, dokotala amabwera mwa apo ndi apo kapena mumalankhula naye pafoni. Wodwala akafika povuta mumaitana medevac, ndege ya odwala mwadzidzidzi, ndipo ikalephera kutera chifukwa cha chifunga, ndinu amene mudzakhale naye usiku wonse. Amayi oyembekezera ambiri amawakweza ndege mwezi wathunthu tsiku lisanakwane, kukadikirira kutali, kusiya ana ena kunyumba. Kwathu timadziwa za chidikiro, amayi akugona pakhonde la chipatala ndi mbaula zawo, koma apongozi amatha kubwera pa kabaza ndi kadengu ka ufa. Kumeneko chidikiro chili makilomita 1,000, palibe kabaza.

Mwina a ku Likoma ndi Chizumulu ndi amene angandimvetse msanga. Iwo amadziwa kuti ulendo suwerengedwa ndi mtunda wa pamadzi. Umawerengedwa ndi tsiku limene Ilala ikubwera, ndiponso ngati mwera walola. Amadziwanso mwambo wopempha wapaulendo kuti akunyamulire kanthu. Ku Nunavut masamba a Facebook a midzi amadzaza ndi zomwezo: ndani akupita ku Iqaluit mawa andinyamulire envelopu, ndani akutsikira ku Ottawa apatsire amayi anga ali kuchipatala nyama ya tuktu, gwape wamkulu wa kumeneko. Ine ndinanyamulapo katoni ya nsomba ya munthu amene sindinkamudziwa, n'kukaipereka kwa munthu winanso amene sindinkamudziwa, ndipo ndinamva ngati ndili pa depoti ya Wenela.

Manambala amene munafunsa

Kuchoka ku Cambridge Bay kupita ku Iqaluit molunjika, mmene ingaulukire mbalame, ndi makilomita pafupifupi 1,700. Kumeneko n'kupitirira kale mtunda wa Lilongwe ndi Johannesburg, umene ndi pafupifupi 1,500. Koma simudzauluka molunjika. Njira yodziwika ndi Cambridge Bay kupita Yellowknife, makilomita 850, Yellowknife kupita Rankin Inlet, pafupifupi 1,140, Rankin Inlet kupita Iqaluit, pafupifupi 1,170. Mukaphatikiza apitirira 3,100, kuposa kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Cape Town. Ndege yodutsa chopingasa imeneyi siuluka tsiku lililonse, ndipo kawirikawiri mudzagona ku Yellowknife, hotela yolipira nokha. Mukaiphonya, njira ina ndi yozungulira ku Edmonton ndi ku Ottawa. Nthawinso imasiyana ndi maola awiri. Choncho muwerengere masiku awiri kupita, awiri kubwerera, nyengo ikakhala bwino. Kumapeto kwa sabata sikukwanira. Kawiri pamwezi n'zosatheka, ngakhale malipiro a nonse awiri mutawathira m'matikiti. Kawiri kapena katatu pachaka, mwina.

Musanasaine

Funsani olemba ntchitowo ngati pali malo a namwino ku Iqaluit komweko, poti n'kumene kuli chipatala chachikulu ndipo anamwino amasowa nthawi zonse. Zikakanika, funsani za midzi ya chingwe chomwecho cha Baffin, monga Pangnirtung, makilomita 300 kuchoka ku Iqaluit, ola limodzi pandege, ngakhale nakonso mphepo ya m'mapiri imabweza ndege kawirikawiri. Funsani kuti alawansi ya kumpoto ndi zingati m'mudzi umenewo, ndani amalipira ulendo wa patchuthi, ndiponso ngati masiku amene nyengo yakutsekerani amachotsedwa pa tchuthi chanu. Yankho lililonse alembe papepala.

Koma ine zimene zili kumtima kwanga si zimenezo. Musapatukane. Ndikudziwa ndalama zake n'zokopa, ndikudziwa kuti kumudzi kuli ana a sukulu, nyumba yosafolera, ngongole ya ulendo umene unakufikitsani ku Canada. Ndikudziwanso kuti akwathu anazolowera kale banja la bambo ku Joni mayi kumudzi, ndiye mukhoza kuganiza kuti izi n'zazing'ono poti muli dziko limodzi. Ku Joni munthu akamva zovuta amakwera basi tsiku lomwelo, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza, akafika. Ku Cambridge Bay dzuwa limalowa kumapeto kwa Novembala n'kudzatuluka mu Januwale. Mudzabwera kuchokera ku ntchito mutagwira dzanja la munthu amene medevac inamuchedwera, mudzatsegula chitseko cha nyumba yopanda munthu, ndipo bambo adzakhala atagona kale chifukwa kwawo kuli patsogolo ndi maola awiri. Kali kokha n'kanyama. Ine ndinapita ndekha, ndinalibe mwamuna womusiya kwina, komabe miyezi ya mdima ija inandilemera kuposa mmene ndingalembere pano. Ngati ntchito imodzi yokha ndi imene ingakusungeni pamodzi, tengani imodziyo, wina akafufuze yake atafika. Ku Iqaluit ntchito zimapezeka, chimene chimavuta ndi nyumba, ndiye funsitsani ngati nyumba ya bamboyo ikuloledwa kukhalamo banja.

Mukasankha kupitabe, sindidzakuweruzani, aliyense amadziwa pamene nsapato ikumuthina. Muike padera ndalama ya tikiti yadzidzidzi yofika mpaka ku Lilongwe, ndipo musaikhudze ngakhale fizi itavuta. Mankhwala anu, chaja ndi zovala zosinthira zizikhala m'chikwama cha m'manja. Ulendo uliwonse wofunika muzinyamuka kudakali masiku awiri.

Ndipo mukhale pansi ndi akumudzi, musananyamuke, muwauze zoona za mtundawu. Ine ndinachita zimenezi mochedwa. Nditabwerera ku Dedza kukamanga chiliza cha amayi, ndinaitana achimwene ndi amalume pakhonde, bambo ali pomwepo pa mpando wawo wa ndalema. Ndinali ndisanamalize kontirakiti. Ndinawauza kuti china chikachitika ndili kumpoto kuja, asasunge munthu ku mochale chifukwa cha ine, asatopetse mudzi masiku asanu, aike mwa nthawi yake, ine ndidzafika pamene ndege yandifikitsa. Amalume anayang'ana pansi. Bambo ndi amene anayankha, anati, "Tamva. Koma ukamalize msanga, ubwere kufupi." Chaka chimenecho chitatha ndinapempha kusamukira ku Ottawa, kumene kuchoka pakhomo panga kukafika pakhomo pawo ndi ndege zitatu ndi minibasi imodzi.

Achemwali, mukambirane ndi bambo usiku uno mapu ali patebulo, muwerenge pamodzi ndege zimene zili pakati panu. Mukatero mundilembere, ndili ndi anzanga awiri ku Iqaluit amene angakuuzeni za nyumba ndi za ntchito za unamwino mmene zilili mwezi uno.